Nyemba za M'chitini Zinanditha Magazi ku Doha

Chinayamba ndi pakhosi. Kumapeto kwa chaka cha 2020, kutentha kwa ku Doha kutayamba kuchepa, ndinadzuka m'mawa wina ndikumva ngati ndameza mchenga, thupi likutentha pang'ono, mutu ukulemera. Masiku amenewo munthu ukangotsokomola m'basi ya kampani, anzako onse ankakuyang'ana ngati waba. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndinkatsuka mapoto m'khitchini ya hotela ina, ndipo ndinkagona ku Umm Ghuwailina m'chipinda chimodzi ndi anzanga asanu, tonse ochokera cha ku Machinga ndi ku Mangochi.

Kuntchito sindinauze aliyense, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Lamulo linali litangosintha kumene, lakuti wantchito atha kusiya kampani n'kupita ku ina popanda kugwadira bwana kuti amulembere kalata. Ine ndinali nditapeza kale malo kusitolo ina yaikulu, ntchito yosanja katundu m'mashelefu, pamalo pozizira bwino, popanda mafuta ndi nthunzi ya mapoto. Notisi ndinali nditapereka. Chinatsala n'kumaliza mwezi wa notisiwo ndi kukayezedwa m'thupi, monga kampani yatsopanoyo inkafunira. Supavaiza wathu, amene sindimutchula dzina ngakhale dziko lake, zinamupweteka kwambiri. Anandiimitsa pakhomo la khitchini nati, "Ukufuna kupita? Yalla, pita. Koma ungojomba tsiku limodzi mwezi uno, ndikakunenera kuti wathawa ntchito, khalas, zako zatha." Munthu wonenezedwa kuti wathawa ntchito amasakidwa ndi apolisi. Kaya akanathadi kutero kaya ankangondiopseza, sindinkadziwa, ndipo panalibe wondiuza.

Ine ndine wamtima wapachala, sindibisa. Sukulu ndinasiyira Fomu 2 nditagwirana m'makolala ndi mphunzitsi, ndipo sindinabwererenso. Koma tsiku limenelo ndinaluma mano, ndinangoti, "Chabwino, mudir," ndiye kuti bwana, n'kubwerera ku sinki yanga.

M'chipinda mwathu wamkulu anali Che Saidi, dalaivala wa basi, munthu wa msinkhu wa bambo anga. Pansi pa bedi lawo panali chikwama chimene tonse tinkachitcha famase. Aliyense wochokera kumudzi ankabwera ndi mapiritsi monga ankabwerera ndi matemba ouma ndi chiponde, ndipo onse ankathera m'chikwama chimenecho. Atandigwira pamphumi ananditchula dzina nati, "Idi mwana wanga, kuchipatala usapite. Akakupeza ndi korona mafoni athu tonse afiira, chipinda chitsekedwa, ndiye atidyetsa ndani? Imwa bakitilimu uyu, mawa udzuka uli bwinobwino." Nthawi imeneyo aliyense ankayenda ndi foni yoonetsa mtundu wobiriwira ngati alibe matenda, ndipo ikafiira sunkaloledwa kulowa paliponse. Ndinamwa m'mawa ndi madzulo, monga timamwera kwathu.

Pakhosi panapoladi. Koma patapita masiku ochepa mkodzo unasintha. Unayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinati mwina ndi kusamwa madzi, chifukwa m'khitchini timatuluka thukuta tsiku lonse. Ndinamwa madzi ambiri, osasintha. Ndikakwera masitepe a kunyumba kwathu mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndipo msana unkapweteka cha m'munsimu.

Che Saidi anandikokera pawindo, nanditsitsa chikope ndi chala monga amachitira kusikelo. "Ee, mwayera umu. Magazi akuchepa. Palibe vuto, nyemba." Kwathu munthu akachepa magazi timamupatsa nyemba, bonongwe ndi madzi a chidede. Ku Umm Ghuwailina bonongwe kulibe. Zimene zili m'kagolosale kalikonse ndi nyemba zikuluzikulu za m'chitini zimene Aluya amadya m'mawa ndi buledi wawo wopyapyala, amazitcha ful. Ine ndinali ndisanazidyepo kwenikweni chifukwa fungo lake silinkandisangalatsa. Che Saidi anagula zitini zodzadza jumbo, akumandiphikira okha ndi anyezi ndi tomato, ntchito isanayambe ndi ikatha, ataima pambali panga kuti ndimalize mbale. "Idya, iwe. Ufuna ukafike ku ntchito yatsopano uli mbuu ngati pepala?"

Ndinadya. Ndipo ndikamadya kwambiri m'pamene ndinkafookeratu. Mkodzo unada ngati oyilo wakutha wa galimoto. Maso anasanduka achikasu. Apa mantha anga anachoka pa korona n'kupita pa chikasu, chifukwa tonse tinkamva nkhani za anthu amene anapezeka ndi matenda a chiwindi poyezedwa, n'kukwezedwa ndege yobwerera kwawo. Ndinkatsitsa chipewa cha ntchito mpaka m'nsidze, masiki n'kuikweza mpaka m'munsi mwa maso, ndi kuyang'ana pansi ndikamalankhula ndi anthu. Korona anandithandiza kubisala.

Ndinagwa ndikunyamula poto wamkulu wa mpunga. Ndimakumbukira kuti pansi panali ponyowa ndipo madzi ankandilowa m'khutu, anthu akufuula aliyense m'chilankhulo chake, koma wondigwira panalibe. Supavaiza anaima patali atagwira masiki yake ndi dzanja, akufunsa anzanga ngati ndamwa mowa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamugenda ndi potoyo. Wophika wamkulu ndi amene anaitana ambulansi.

Kuchipatala sanandilowetse m'kati msanga. Anandiika m'tenti ya panja. Namwino wovala zoyera thupi lonse anandilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno, anatenga magazi pamkono, anandiika diripi, n'kunena kuti ndidikire. Ndinadikira pa bedi la matayala, ndikuyang'ana denga la tenti likugwedezeka ndi mphepo ya makina oziziritsa. Aliyense wolowa ankafunsa za kutsokomola ndi za kumva fungo. Ine ndinkaloza maso anga, iwo n'kugwedeza mutu, n'kupita. Korona sanapezeke. Koma zotsatira za magazi zitabwera, anthu omwe ankandidutsa aja anayamba kuthamanga nane.

Dokotala amene anandilandira m'kati anali mayi wa ku Sudan, wamfupi, wolankhula modekha. Anandiuza kuti magazi anga atsika kufika poti mtima ukanatha kuima, ndipo impso zayamba kuvutika. Kenako anafunsa ngati ndamwa mankhwala aliwonse. Ndinakana, poopa kuika Che Saidi m'mavuto. Anafunsa zimene ndakhala ndikudya. Apa ndinapsa mtima. Ndinati, "Adokotala, munthu ndikufa, inu mukufunsa za ndiwo?" Sanakwiye. Anangoti, "Wadya ful?" Nditavomera anafunsa kuti kangati. Ndinati tsiku lililonse, kuti magazi abwerere. Kenako anafunsanso za mankhwala, ndipo ulendo uno ndinanena zoona.

Anandiika magazi tsiku lomwelo. Asanatero anatenganso ena pang'ono kuti akawayerekeze ndi a m'thumba. Namwino wa ku Philippines amene ankandisamalira anandifotokozera kuti thupi lili ndi asilikali ake amene amamenya chilichonse chachilendo, ndiye magazi osagwirizana ndi ako angakuphe msanga kuposa matenda. Poyamba anakhala pambali panga, akundiyeza kutentha kawirikawiri. Ndinayang'ana thumba lija likutha pang'onopang'ono, ndikudzifunsa kuti magaziwa ndi a ndani, a Mmwenye, a Mnepali, kapena a munthu wa kwawo kwa supavaiza.

Moyo wa m'wodi ndi kudikira. Alendo sankaloledwa chifukwa cha korona. M'mamawa ankatidzutsa kuyeza BP ndi kutenga magazi, kenako tiyi, kenako kudikira adokotala, kenako kudikira zotsatira. Mkodzo wonse ndinkakodzera m'botolo, namwino n'kumauyeza ndi kuuyang'ana pa kuwala. Anandiuza kuti impso zikapanda kubwerera adzandilumikiza ku makina osefa magazi, ndiye botolo limenelo ndinayamba kuliyang'ana monga mlimi amayang'anira mitambo. Mkodzo unachoka pa oyilo kufika pa tiyi, pa tiyi kufika pa mtundu wa uchi. Diripi ikatha ankaika ina, kuti impso zitsukike. Ku makina aja sindinapite.

M'mawa wina thireyi ya chakudya inabwera ili ndi kambale ka ful. Ndinakuwa wodi yonse inamva, mpaka bambo wa bedi loyandikana, amene anali ndi mapaipi m'mphuno, anadzidzimuka. Namwino anabwera akuthamanga, anachotsa thireyi, anapepesa, n'kundimanga kachingwe kofiira pamkono kuti a kukhitchini aziona. Ine sindinapepese kwa aliyense.

Nditayamba kukhala tsonga, dokotala uja anakoka mpando n'kukhala. Anati matenda a chiwindi ndilibe, ndipo chimene ndili nacho sichipatsirana, palibe angandithamangitse nacho m'dziko. Anati ndinabadwa nacho, dzina lake G6PD. Maselo ofiira a m'magazi, amene amanyamula mpweya m'thupi, ali ndi chinthu chowateteza kuti asasweke akakumana ndi zinthu zina zaukali. Anga ali nacho chochepa. Masiku onse ndimakhala bwinobwino, koma thupi likagwidwa ndi matenda, ndikamwa mankhwala ena monga bakitilimu ndi ena a malungo, ndikadya ful, kapena ndikamapuma fungo la timipira toyera tija timaika m'masutikesi pothamangitsa mphemvu, maselo amatha kusweka ambiri nthawi imodzi. Zinyenyeswa zake ndi zimene zinadetsa mkodzo ndi kusandutsa maso achikasu. "Iwe unaphatikiza zitatu, pakhosi, mapiritsi ndi ful," anatero. "Nyemba za kwanu zilibe vuto, uzidya. Ndi izi zokha."

Anandifunsa ngati kusukulu ndinaphunzira za mmene mwana amatengera zinthu kwa makolo. Ndinati ndinasiya zisanafike. Anatenga pepala lopukutira m'manja n'kulemba X ndi Y. Anati mwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi, Y amachokera kwa bambo, X kwa mayi. Vutoli limayenda pa X. Mkazi ali ndi ma X awiri, ndiye mmodzi akakhala wolumala winayo amagwira ntchito, ndipo kawirikawiri mkaziyo sadwala, koma atha kupatsira ana ake aamuna. Anati kumadera a malungo, ngati kwawo ndi kwathu, anthu otere ndi ambiri, chifukwa tizilombo ta malungo sitikhala bwino m'magazi oterewa, ndiye makolo athu ena anapulumukira momwemo. Kenako anafunsa, "Mayi ako ali ndi alongo awo aamuna? Alipo amene anadwalapo chonchi?"

Pomwepo ndinakumbukira mlongo wawo wa amayi. Amalume anga a Mussa anamwalira ine ndili ku pulayimale. Anadwala malungo, anagula mapiritsi pa golosale ku Ntaja, ndipo patangopita masiku ochepa maso anachita chikasu, mkodzo unada, anapita. Abale onse anagwirizana kuti akazi awo, a Mariamu, anawathirira mankhwala m'chakudya. Pamaliro sanawalole kukhala m'nyumba ya siwa. Anawalanda katundu, mpaka makina osokera. Ana awo tinaletsedwa kusewera nawo. Mpaka pano a Mariamu amagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo amayi anga akawaona amayang'ana kumbali. Nditafotokoza, dokotala anati sangatsimikize za munthu amene sanamuyeze, koma zikufanana kwambiri.

Madzulo ake ndinaimbira amayi. Ndinayesa kufotokoza monga anandifotokozera, za X ndi Y, koma m'kamwa mwanga zinatuluka zokhota.

"Ndiye ukuti ndakudwalitsa ndine?" anatero amayi.

"Ayi amayi, si dala. Inunso munangotengera. Ndi zomwezi zinapha amalume."

"Amalume ako anaphedwa ndi mfiti ija, aliyense akudziwa. Wapita kwa Aluya kukadya zitini, lero ufuna undiphunzitse ine za mlongo wanga? Sukulu yake iti?"

Mawu omalizawo anandibaya. Ndinawakwezera mawu amayi anga, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo ngakhale ndi mtima wangawu, ndipo anadula foni. Amene anandimvera ndi mchemwali wanga Asiyatu. Anati mwana wake wamwamuna atabadwa anachita chikasu mpaka anamugoneka pansi pa getsi kuchipatala, ndipo palibe anamuuza chifukwa chake.

Ndinatuluka patatha sabata ndi masiku angapo, atandiuza mayina a mankhwala amene sindiyenera kumwa. Tsiku lokayezedwa ku kampani yatsopano linali litadutsa ine ndili m'wodi. Nditaimba foni, mayi wa ku ofesi yawo anati pepani, tinatenga wina. Ndinachonderera, ndinafotokoza, ndinatumiza chithunzi cha kalata ya kuchipatala. Sanayankhenso. Ndinayenera kubweza notisi yanga ku kampani yakale, apo ayi ndikanakhala wopanda ntchito ndi wopanda chitupa chokhalira m'dziko. Supavaiza sanandinenere kuti ndathawa, poti ndinagwa anthu onse akuona. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Wabwerera? Mapoto anakusowa."

Ndinabisa matenda kuti ndisataye ntchito ija, ndipo ndinaitaya chifukwa chobisacho. Dokotala anandiuza kuti ndikanabwera tsiku limene mkodzo unangosintha, mwina akanangondiletsa mapiritsi, kundipatsa madzi, n'kundibweza msanga. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero kuposa jakisoni aliyense amene anandibaya.

Masabata oyamba kuntchito anali ovuta. Poto amene kale ndinkamunyamula ndekha ndinkachita kumukoka pansi, ndipo ndikawerama pa sinki mutu unkazungulira. Ndinkapita kukayezetsa magazi pa tsiku langa lopuma, chifukwa kupempha chilolezo kwa munthu uja sindikanatha popanda kumutukwana. Magazi ankakwera pang'onopang'ono, okha, popanda nyemba za aliyense.

Che Saidi sindinawalankhule kwa nthawi. Ndinkalowa m'chipinda, kupereka salamu mouma, n'kutembenukira kukhoma. Iwo sanadziikire kumbuyo. Ndinapeza atataya zitini zonse, atatola timipira toyera m'masutikesi a aliyense, ndipo famase ija kulibenso. Tsiku lina tikuchokera kumzikiti ku swala ya Ijumaa anandigwira dzanja panjira nati, "Mwana wanga, ine ndimati ndikukuwonjezera magazi." Anali akulira, munthu wamkulu, pakati pa msewu. Ndinafuna kuwakalipira koma ndinaleka. Chimene anachita n'chimene amayi anga akanachita, n'chimene inenso ndikanachitira mnzanga. Mkwiyo wanga sunathe, unangowachokera iwowo. Ndimakwiyira supavaiza. Ndimakwiyira mantha amene amatimwetsa mankhwala a pansi pa bedi m'dziko lodzadza zipatala. Ndipo zimandinyansa kuti nkhani ya X ndi Y, imene ana a sekondale amayankha pa mayeso n'kuiwala, ine ndinakaiphunzirira pa diripi.

Patapita miyezi ingapo kuchipatala anandiyezanso G6PD ija, chifukwa magazi a munthu wina aja ankasokoneza zotsatira, ndipo zinatsimikizika. Katemera wa korona atafika ndinafunsa kaye ngati sandiswera magazi. Anati ayi, katemera amangophunzitsa asilikali a m'thupi kuzindikira mdani. Ndinabayitsa, ndipo ndinangomva kuwawa mkono. Asiyatu anapita ndi mwana ku Blantyre, anabwerera kangapo osathandizidwa, koma pomaliza anamuyeza. Nayenso ali nacho. Amayi atamva sanandiimbire. Anauza Asiyatu kuti andifunse mayina a mapiritsi oletsedwa aja, ndipo ndamva kuti anawaloweza onse, amawatchula kwa aliyense wofuna kupatsa mdzukulu wawo mankhwala. Koma kwa a Mariamu sanapite. Ndikawakumbutsa amangosintha nkhani.

Lero ndili bwino. Maso ndi oyera, masitepe ndimakwera mothamanga, Ramadani ndimasala monga aliyense. Mapoto ndikutsukabe, ndipo kwina ndikufunafunabe. Matendawa sachira, koma munthu ukawadziwa umakalamba nawo. Kulikonse kumene afuna kundilembera mankhwala ndimayamba ndatchula G6PD asanagwire cholembera.

Abale anga amene muli kuno, ndi inu a kumudzi, mkodzo ukada, maso akachita chikasu, mtima ukamagunda pa ntchito yaing'ono, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, supavaiza anene zonena zakezo. Musamwe mapiritsi a m'chikwama cha mnzanu, ngakhale akhale munthu wokukondani ngati Che Saidi. Adokotala akafunsa zimene mwamwa ndi zimene mwadya, nenani zoona ulendo woyamba womwewo. Ndipo kafunseni amayi anu mmene alongo awo anafera. Mwina kwanunso kuli mayi wina amene akugulitsa zitumbuwa pamsika, anthu akumulambalala, pa mlandu wa magazi amene sanali ake.